Njuchi Zochepa, Nyumba Yaikulu

Ku Dedza, chakumtunda kwa Bembeke, mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto anthu amayamba kuwotha moto dzuwa lisanalowe. Derali ndi lokwera kwambiri. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe yalekeza nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. M'madambo chisanu chimagwa n'kuwaula mbewu za m'dimba. Kumeneko n'komwe kudali mnyamata wina amene nkhani yake iyenera kumveka kwa aliyense amene wayamba ulimi wa njuchi kapena akuulingalira.

Mnyamatayu sadali waulesi. Atagulitsa mbatata yake ya kachewere, ndalama sadamwere. Adapita kwa kalipentala wa pamsika n'kukhometsa ming'oma iwiri yamakono, ija ya bokosi lalitali lokhala ndi timatabwa toyala pamwamba, imene idafala kuchokera ku Kenya. Mng'oma uliwonse udali wotalika pafupifupi mita imodzi, wa timatabwa 28, ndipo kutsogolo kwake kalipentala adaboola zibowo 8 zolowera njuchi. Mnyamata adapaka phula pa timatabwa monga adamvera kwa alangizi, adapachika ming'oma pakamtunda kuseri kwa munda, n'kuyamba kudikira. Marichi adatha, Epulo adatha, m'ming'oma mudangolowa akangaude.

Tsiku lina masana, chapakati pa Meyi, ana adabwera akuthamanga kudzamuuza kuti njuchi zaunjikana pa nthambi ya pichesi kuseri kwa khola. Kadali kagulu kakang'ono, kosadzaza n'chitini cha malita awiri chomwe. Madzulo ake adakakutumulira m'katoni n'kukakathira mu umodzi wa ming'oma ija. Njuchi zidakwera n'kudziunjika pakona, pansi pa timatabwa titatu toyambirira. Malo ena onse adangotsala pululu.

Mawa lake kudabwera atsibweni ake, bambo wachikulire amene adayamba kufula njuchi akadali mnyamata, m'nkhalango za miombo za kumatsitso cha ku Mua. Iwo adakulira pa ming'oma ya zipika zogoba, koma njuchi ankazidziwa. Adaima chapatali, adayang'ana mng'oma, adayang'ana komwe kunkachokera mphepo, kenaka adati:

"Mphwanga, alendo ako ndawaona. Koma nyumba wawapatsayi yawakulira. Ika thabwa m'katimo uwasiyire kachipinda kamodzi. Zibowozi tseka, usiye chimodzi kapena ziwiri. Ndipo pamtunda pano si malo. Mwera ukayamba udzalowera pakhomo pomwepa."

"Atsibweni, musadere nkhawa," adayankha mnyamata mwaulemu. "Zimenezi zichulukana posachedwa. Ndazipatsiratu malo kuti zisadzapanikizane, ndipo zibowo zambirizi n'zoti zizituluka msanga kokafuna chakudya. Ming'oma yamakonoyi ndi yosiyana ndi yanu ija."

Mkuluyo sadalimbane naye. Adangoti, "Mng'oma ndiye wamakono, koma njuchi ndi zomwe zija," n'kunyamuka.

Chimene mkulu uja ankadziwa ndi ichi. Njuchi yaikulu imapirirako kuzizira, koma ana ake sapirira. Mfumukazi ikaikira dzira m'chisa, dziralo limaswa pakatha masiku atatu. Kamphutsi kamadyetsedwa kwa masiku ngati asanu ndi limodzi, kenaka njuchi zimakatsekera ndi phula, ndipo pakatha pafupifupi masabata atatu kuchokera pamene dzira lidaikidwa m'pamene njuchi yantchito imatuluka. Masiku onsewa, pamalo pamene pali ana payenera kutentha madigiri 34 kapena 35, usana ndi usiku, ngakhale kunja kukugwa chisanu. Kutenthako kumachokera m'matupi a njuchi zomwezo. Zimaunjikana pamwamba pa ana n'kumanjenjemeretsa minofu ija imakupiza mapiko, koma mapikowo osawagwedeza. Mphamvu yochitira zimenezi zimaitenga mu uchi. Ndiye kuti usiku uliwonse wozizira umadya uchi, ndipo mphepo iliyonse yolowera pamng'alu imauluza kutentha kumene kwagulidwa ndi uchiwo.

Mayi aliyense woweta nkhuku amadziwa kuti thadzi ukalipatsa mazira oposa mapiko ake, a m'mphepete amasukusa. Njuchinso zimalera ana okhawo amene zingathe kuwafungatira. Gulu lalikulu limafungatira zisa zambiri, zina n'kutsala zokatenga mungu ndi timadzi ta m'maluwa, zinanso zolondera pakhomo. Kagulu kakang'ono kalibe zotsala. Zikapita kutchire, ana azizidwa. Zikakhalira ana, chakudya chisowa. Zikagawana ntchito ziwirizi, pakhomo pasowa mlonda.

Vuto silithera pomwepa. Njuchi yantchito pa nthawi yotanganidwa imakhala ndi moyo masabata ngati asanu ndi limodzi okha. Choncho kagulu kongolowa kumene kamayamba kachepa kasanakule, chifukwa zakale zikufa tsiku ndi tsiku pamene yatsopano yoyamba singatuluke masabata atatu asanathe. Kalibenso chisa ngakhale chimodzi, kayenera kumanga, ndipo kuti njuchi zitulutse kilogalamu imodzi ya phula zimadya makilogalamu angapo a uchi. Timagulu ting'onoting'ono totere nthawi zambiri timakhala totsalira, totuluka gulu lalikulu litagawikana kale, ndipo mfumukazi yake imakhala namwali yoti iyambe yauluka kukakumana ndi njuchi zamphongo isanayambe kuikira. Masiku amapitirira kutayika, uku kuzizira kukuyandikira.

Njuchi zathu zilinso ndi khalidwe lawolawo. Za ku Ulaya zimasunga uchi wambiri n'kupirira miyezi yonse ya chipale chofewa m'nyumba yomweyo. Zathu zikaona kuti malo aipa sizikakamira. Mfumukazi imasiya kuikira, zimamwa uchi umene watsala, n'kunyamuka zonse. Mlimi amene sazisamala sizimupatsa nthawi yaitali yoti akonze zolakwa zake.

Masabata oyambirira zinthu zidaoneka ngati zikuyenda. Deliya ndi chisoso zidali zikadali ndi maluwa m'mphepete mwa minda, ndipo njuchi zidamanga tizisa titatu toyera. Mnyamata adasangalala kwambiri, ndipo chisangalalocho n'chimene chidayamba kuzipweteka. Sankatha masiku atatu osatsegula mng'oma. Ankakonda kutsegula m'mamawa popita kudimba, chifukwa adaona kuti nthawi imeneyo njuchi siziluma. Sadadziwe kuti sizikuluma chifukwa zauma ndi kuzizira. Ankatukula chisa, kuchiyang'anitsa padzuwa, kuchijambula pafoni n'kutumizira anzake pa WhatsApp. Akamabwezera, mphepo imakhala itawomba ana kwa mphindi zingapo, ndipo njuchi zinkayambiranso kutenthetsa. Kutsegula kulikonse kunkathyolanso utomoni umene njuchi zimatola m'mitengo n'kumatira ming'alu ya nyumba yawo. Ntchito ya masiku atatu inkawonongeka m'mawa umodzi.

Ming'aluyo idali yambiri. Kalipentala adagwiritsa ntchito matabwa osauma, ndipo timatabwa adangocheka moyerekeza ndi maso. Kathabwa ka pamwamba koyenera njuchi zathu kamakhala mamilimita 32 m'lifupi, ndipo tonse tikayalidwa tiyenera kugundana osasiya mpata, chifukwa ndito denga lenileni la mng'oma. Apa matabwa atauma adafota, pakati pake padatsala mipata yolowa msomali. Pamwamba padangovindikiridwa lata lopanda kanthu kunsi kwake. Mpweya wofunda umakwera m'mwamba, ndiye unkatulukira m'mipatamo, mwera n'kumalowera m'zibowo zonse 8 zimene zidayang'ana kumene ukuchokera.

Juni atafika pakati maluwa adauma. Mnyamata adaona kuti njuchi zotuluka zachepa, ndipo pansi pa khomo padali timphutsi takufa, tina totuwa tina takuda. Amenewa adali ana a m'mphepete mwa chisa, ofa ndi kuzizira, amene njuchi zidawakokera kunja. Iye adaganiza kuti ndi njala, ndipo sadalakwe kwenikweni, pakuti njala idalipodi. Adasungunula shuga m'madzi, adathira m'mbale, n'kuika pamwamba pa mng'oma dzuwa lili paliwombo.

Sipadathe ola, mbale idadzaza njuchi. Koma zambiri sizidali zake. M'mphako ya mtengo wina kutsidya kwa mtsinje mudali gulu lamphamvu, ndipo nyengo yosowa maluwa njuchi zimapeza msanga madzi a shuga osiyidwa poyera. Zitamaliza za m'mbale zidayamba kufufuza pomwepo, ndipo zidapeza makomo 8 opanda mlonda wokwanira. Kwa masiku awiri pakhomo padali piringupiringu. Njuchi zinkagwirana n'kugwera pansi ziwiriziwiri, zina zinkazungulira m'mbali mwa bokosi kufunafuna ming'alu. Mnyamata ataona kuchuluka kwake adauza anzake kuti shuga wathandiza, gulu lakula. Zoona zake n'zakuti uchi wochepa umene kagulu kaja kadasunga unkatutidwa kupita kutsidya.

Madzi a shuga ena adatayikira pa waya wopachikira mng'oma ndi pansi. Udzu wozungulira sadautchetche, ndipo nsonga zake zinkakhudza kunsi kwa mng'oma. Nyerere zidapeza mlatho. Zidamanga chisa chawo pakati pa lata ndi timatabwa, n'kumatsikira m'kati kudzera m'mipata ija.

Pofuna kuthandizabe, mnyamata adapempha kwa mnzake zisa zakale zakuda, adazimangirira pa timatabwa, n'kuziika kumbali yopanda njuchi, akuti zikadzachuluka zisadzavutike kumanga. Koma chisa chimene njuchi sizikuyendapo chimakhala cha njenjete ya phula. Kagulugufe kotuwa kameneka kamalowa usiku n'kuikira mazira m'ming'alu ndi m'zisa zakale, ndipo mphutsi zake zimaboola chisa n'kusiya ulusi woyera wolukanalukana. Gulu lamphamvu limazigwira n'kuzitaya kunja. Kagulu kofooka sikafika n'komwe kumapeto kwa bokosi kumene zikuswanirana. Chimodzimodzinso tizikumbu takuda ta m'ming'oma, timene tiliko kuno kwathu kuyambira kale. M'gulu lamphamvu timangobisala m'makona, koma m'gulu lofooka timaikira mazira, ndipo mphutsi zake zimasasitsa uchi.

Kumayambiriro kwa Julayi kudabwera masiku a nkhungu ndi mvula yowaza. Apa mnyamata adavomereza kuti njuchi zikuzizidwa, koma sadapite kukafunsa. Adatenga pepala lapulasitiki lakuda, lija amafolera nyumba kunsi kwa udzu, n'kukulunga mng'oma wonse, kusiya zibowo zokha. Njuchi zikamadya uchi n'kumapuma zimatulutsa chinyezi. Thabwa, udzu ndi chiguduli zimalola chinyezicho kutuluka pang'onopang'ono, koma pulasitiki imachitsekera. Usiku chinkasanduka madontho ozizira n'kumadonthera m'kati, makoma adayamba chuku, ndipo masana dzuwa likawala pepala lakudalo linkatenthetsa bokosi mopitirira muyeso. Njuchi yonyowa imazizidwa msanga kuposa youma.

Chakumapeto kwa mwezi womwewo, tsiku lina lowala bwino, mlongo wake akuchokera kotunga madzi adaona kamtambo ka njuchi kakuzungulira pamwamba pa munda, kenaka kadalowera chakumatsitso. Madzulo mnyamata adagogoda pa bokosi, koma mudali zii.

Zidamupweteka mtima kwambiri. Adayamba kunena kuti pali munthu wamuchita chipongwe, wakopa njuchi zake ndi mankhwala, ndipo adatchulako wina woyandikana naye munda. Nkhani itafika kwa atsibweni ake, adabwera m'mawa mwake.

"Mphwanga, usanaipitse dzina la munthu, tiye titsegule. Mng'oma sunama."

Adachotsa pulasitiki, madzi adachucha. Adatukula lata, nyerere zidabalalika zitanyamula mazira awo. Mkuluyo adalowetsa kamtengo pakati pa timatabwa tiwiri, kadapita osagunda kanthu.

"Apa m'pamene pamatulukira moto wawo," adatero. Adatukula chisa choyamba. "Ona ana awa a m'mphepete, akuda. Awa yawapha ndi mphepo. Ona zisa za uchi izi, zong'ambika milomo, ndi nyenyeswa za phula pansipa. Eni nyumba akamadya amatsegula bwinobwino. Apa padadutsa akuba, ndipo adaitanidwa ndi mbale yako ija." Adapita kumapeto kwa bokosi n'kutukula zisa zakale. Zidatuluka zitalukana ndi ulusi, mphutsi zikuyendayenda. "Awa ndiwo alendo udawayalira mphasa. Tsopano ndiuze, munthu wakuchita chipongwe uja ali pati pamenepa?"

Mnyamata adawerama. Patapita kanthawi adati, "Atsibweni, mawu anu akoma atagonera. Ndiphunzitseni."

"Palibe chimodzi mwa izi chikadathamangitsa gulu lalikulu," adayankha mkuluyo. "Ngakhale kagulu kako kakadapirira chimodzi kapena ziwiri. Koma iwe udakapatsa zonse pamodzi, ndipo chiyambi chake ndi nyumba yosalingana ndi eni ake."

Miyezi yotsatira adaithera pokonza. Adatentha zisa zowonongeka, adapala m'kati mwa mabokosi n'kuwawaula pang'ono ndi moto wa udzu kuti mazira a njenjete afe. Adachekanso timatabwa ndi matabwa ouma, nthawi ino akuyeza ndi tepi. Ming'alu ya m'mbali adaimata ndi dothi losakaniza ndi ndowe. Kenaka adasamutsa ming'oma. Sadaitsitsire kudambo, chifukwa mpweya wozizira umatsetsereka usiku n'kukadikha kumeneko. Adasankha pakati pa mtunda, kuseri kwa mzere wa mitengo umene umatchinga mwera wochokera kummwera chakummawa. Khomo adaliyang'anitsa kummawa chakumpoto, pakuti m'miyezi yozizira dzuwa la kuno limadutsa chakumpoto, ndipo likafika msanga pakhomo njuchi zimayamba ntchito msanga. Adaonetsetsanso kuti pali mtengo woti udzapereke mthunzi dzuwa la Okutobala likadzafika.

Ming'oma adaipachika ndi waya pakati pa mizati iwiri, pamsinkhu wa m'chiuno mwa munthu wamkulu, motsamira pang'ono kutsogolo kuti madzi akalowa azituluka. Mng'oma wolendewera umavuta chiuli, chifukwa chikaukankha umangogwedera osachipatsa pogwira, ndipo chivindikiro chomangidwa ndi waya sichingachitukule. Pa waya adapaka girisi, pansi pa mizati adathira phulusa, udzu adaulambula mozungulira. Kulambulaku kumagwira ntchito ziwiri. Kumadula njira ya nyerere ndi linthumbu, limene likalowa usiku limatha kuthamangitsa ngakhale gulu lamphamvu, komanso kumateteza ming'oma ku moto wolusa wa m'chilimwe. Chapafupi adaika beseni losazama la madzi, m'kati mwake muli miyala yoti njuchi ziziterapo.

Chaka chotsatira, mvula itangosiya, kagulu kena kakang'ono kadalowa kokha mu umodzi wa ming'oma ija. Apa mnyamata adadziwa chochita. Adali atacheka kale thabwa lofanana ndi m'kati mwa mng'oma, lotseka kuyambira pansi mpaka pamwamba. Madzulo amodzi adaliika kuseri kwa njuchi, kuzisiyira timatabwa timene zidagwira ndi tiwiri tapadera. Atsibweni ake adamuuza kuti nawonso m'zipika zawo ankachita zomwezo ndi mtolo wa udzu, kuukankhira m'mbuyo gulu likamakula. Zibowo adazitseka ndi zitsononkho zosongola, n'kusiya ziwiri zoyandikana, zazing'ono zosapitirira mamilimita 8 kapena 9, zokwana njuchi koma zosalola chikumbu chachikulu. Pakati pa timatabwa ndi lata adayala chiguduli chouma, ndipo pamwamba pa lata adafolera udzu. Nthawi ndi nthawi ankatukula lata lokha kuona ngati nyerere zamangamo, osakhudza timatabwa.

Maluwa atauma adayamba kudyetsa, koma mwa njira ina. Ankasungunula makapu awiri a shuga woyera m'kapu imodzi ya madzi owiritsa, chifukwa nyengo yozizira njuchi zimavutika kuumitsa madzi ochuluka. Akazizira ankathira m'botolo la pakamwa papakulu, pachivindikiro ataboolapo timabowo ndi msomali waung'ono, n'kuliika chozondotsa pa timitengo tiwiri m'kati mwa chipinda cha njuchi, pafupi ndi thabwa lotchinga lija. Ankachita zimenezi dzuwa likulowa, njuchi za kwina zitasiya kuuluka, ndipo dontho lililonse lotayika ankalipukuta. Uchi wogula pamsika sadazipatse, chifukwa ungabweretse matenda ochokera m'ming'oma ina, ndipo fungo lake limaitana akuba kuposa shuga.

Chimene chidamuvuta kwambiri chidali kudziletsa kutsegula. Atsibweni ake adamuphunzitsa kuwerenga mng'oma ali panja. "Khala pambali dzuwa litakwera, uyang'ane miyendo yawo. Zikamalowa ndi mungu, ndiye kuti m'katimo muli ana, ndipo mayi wawo ali moyo. Tukula pang'ono mbali imodzi ya bokosi, kulemera kwake kukuuza ngati muli chakudya. Usiku ika khutu pathabwa. Zikamalira mofatsa, mofanana, zisiye." Pamene padafunika kuyang'ana zisa, ankasankha masana ofunda opanda mphepo, ankatsegula timatabwa tochepa, ndipo chisa cha ana sankachisiya panja.

Kwa mlangizi wa za nkhalango adaphunzirako china chimene atsibweni ake sankachita m'zipika. Kagulu kakachepa kwambiri moti sikangafungatire ngakhale zisa ziwiri, ndi bwino kukaphatikiza ndi kena kusiyana n'kutaya tonse tiwiri. Amachotsa mfumukazi imodzi, n'kuika magulu awiriwo mu mng'oma umodzi atalekanitsidwa ndi pepala la nyuzipepala lobooledwa pang'ono. Pamene zikumaliza kudya pepalalo, fungo lawo limakhala litasakanikirana ndipo sizimenyana. Amene ali ndi gulu lina lamphamvu angathenso kutengako chisa chimodzi cha ana otsekeredwa kale, otsala pang'ono kutuluka, n'kupatsa kagulu kofooka. Koma chisacho chisakule kuposa chimene kagulu kangafungatire, apo ayi anawo afa ndi kuzizira ndipo magulu onse awiri aluza.

Kagulu kachiwirika kadadutsa Juni ndi Julayi. Sikadakule kwenikweni m'miyezi imeneyo, koma sikadachoke. Mango ndi mapichesi atayamba maluwa, pakhomo padayamba kupanikizana. Mnyamata adasunthira thabwa m'mbuyo timatabwa tiwiri, patapita nthawi tiwiri tina, ndipo adazula chitsononkho chimodzi. Pamene miombo inkachita maluwa kumatsitso, thabwa lidali litafika kumapeto kwa bokosi ndipo zibowo zonse zidali zotsegula, chilichonse chili ndi alonda ake. Mvula yoyamba itayandikira adafula zisa zochepa zakumbuyo, zotsekedwa bwino ndi phula, n'kusiyira njuchi zonse zoyandikana ndi ana.

Nkhani imeneyi si ya ku Dedza kokha. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene Chiperoni imabweretsa mitambo ndi mvula yowaza kwa masiku otsatizana, njuchi zimatsekeredwa m'nyumba zikudya zimene zidasunga. Ku Ntcheu, ku Ntchisi, ku Mzimba, pa Viphya ndi m'mphepete mwa Nyika, usiku wa Juni ndi womwewo. Ngakhale kumadera otentha a ku Chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, kumene kuzizira si vuto lalikulu, nyerere, njenjete ndi njuchi zakuba zimalowerabe pakhomo lalikulu ndi m'malo opanda mwini. M'midzi yambiri muli ming'oma yolendewera yopanda kanthu, ina yogula ndi thukuta la mlimi, ina yolandira kumabungwe, ndipo eni ake amangoti njuchi za masiku ano sizikhazikika. Zambiri mwa izo zidalowa ndithu, koma zidapeza nyumba imene sizikadatha kuitenthetsa kapena kuilondera.

Chimene chimandikhudza pa nkhani ya mnyamatayu n'chakuti chilichonse chimene adalakwitsa adachichita ndi mtima wofuna kuthandiza. Malo aakulu, mbale ya shuga, zisa zakale, pulasitiki, zonse zidachokera m'chikondi. Koma njuchi sizipindula ndi chifundo chosadziwa zimene zikusowa, ndipo mlimi amene sadziwa chifukwa chimene njuchi zake zathawira amatha kudana ndi mnansi wake wosalakwa.

Choncho inu amene kagulu kakang'ono kalowa mu mng'oma wanu nyengo yozizira ili pafupi, musadikire kuona ana akuda pansi pa khomo. Chepetsani chipinda chifanane ndi njuchi zimene zilipo. Chepetsani khomo lifanane ndi alonda amene alipo. Matani ming'alu, fundikani pamwamba ndi udzu kapena chiguduli, dyetsani m'kati ndipo madzulo, lambulani pansi, pakani girisi pa waya, kenaka chotsani manja anu pa chivindikiro. Malo muzidzawonjezera njuchi zikadzadzaza amene zili nawo. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli munthu amene wafula njuchi zaka zambiri, kapena mlangizi wodziwa ntchitoyi, pitani mukamufunse lero, njuchi zikadali m'nyumba.